Raiden anagwetsa onse, koma cingwe sanacione

Imwe amene mumaseka mukaona sumo pa foni, ati ni vimadala vonenepa vikankhana cabe, khalani pansi tikambe. Masewera aja a ku Japan ali na ufumu wake, ndipo mpando wapamwamba ni yokozuna. Dzinali licokera ku cingwe coyera, cikulu, cimene ngwazi imamanga m'ciuno polowa m'bwalo.

Manje poyamba cingweci sicinali mpando ai. Cinali cilolezo. Mu 1789 banja la Yoshida, limene linali kusunga miyambo ya sumo, linalola amuna awiri, Tanikaze na Onogawa, kuvala cingwe ndi kucita mwambo wolowera m'bwalo paokha. Awiriwa sanali ana. Tanikaze anawina ndewu 63 zotsatizana, ndipo amene anamuimitsa mu 1782 anali Onogawa yemweyo.

Koma mverani za Raiden. Anamenya nthawi imodzimodziyo, anawina 254, analuza 10 cabe. Khumi, mwandi, pa zaka pafupifupi 20! Cingwe sanapatsidwe mpaka kumanda. Imwe amene mwagwira nchito zaka zisanu pa kampani, promoshoni n'kupita kwa wina amene munaphunzitsa nokha, Raiden ni m'bale wanu.

A kwa Mwase ku Lundazi sangadabwe kwambiri. Kumeneko mpando sautenga na nkhonya olo ukhale na mphamvu bwanji. Akulu a banja lacifumu ndiwo amakhala pansi n'kuloza munthu. Ku Japan nakonso olozawo analipo, ndipo cala cawo cinamudumpha Raiden.

Cina coseketsa n'cakuti Tanikaze, woyamba kuvala cingwe pamodzi na Onogawa, amawerengedwa wacinayi. Yokozuna wina, Jinmaku, ndiye anakonza mndandanda umene unalembedwa pamwala ku Tokyo mu 1900, ndipo pamwamba anaikapo maina atatu akale. Woyamba pa atatuwo, Akashi Shiganosuke, akatswiri a mbiri amakayika ngati anakhalako n'komwe. Ganizani, munthu wa m'nthano ali pa nambala 1, Raiden wa ndewu 254 palibe pa mawerengero.

Liu lakuti yokozuna linayamba kuoneka pa cikalata ca maudindo mu 1890, ndipo mu 1909 m'pamene linakhala mpando weniweni wapamwamba.

Kuno tinazolowera lamba. Catherine Phiri anatenga wa WBC ku Mexico mu 2016, caka cotsatira Mariana Juárez anamulanda. Yokozuna salandidwa cingwe, ndipo satsitsidwa mpando. Zimveka bwino, eti? Koma akayamba kugwa kawirikawiri palibe kubwerera pansi kuti akayambirenso. Amayenera kusiya masewera, ndipo tsitsi lake lomanga pamutu lija amalidula pamaso pa gulu.