Nkhalango ya ku Luwawa sinabedwe usiku

Woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Jenda kulunjika ku Mzuzu amaona mapiri a Viphya ali ndi zipsera. Pena pali mitengo ya paini yothithikana, pena zitsa zokhazokha ndi udzu wopserera mpaka kumene maso alekezera. Luwawa, kumwera kwa boma la Mzimba, ndi limodzi mwa magawo a nkhalango yobzala ya Viphya, imene ambiri timangoitchula kuti Chikangawa. Magawo ena ndi monga Mazamba, Nthungwa ndi Lusangazi. Nkhalango yonse inali ya mahekitala pafupifupi 53,000, imodzi mwa nkhalango zazikulu kwambiri zobzalidwa ndi manja a anthu mu Africa muno. Ntchito yobzala inakula kuyambira mu 1964, ndipo cholinga chinali choti mitengoyo izidyetsa fakitale yopanga zipangizo za mapepala ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja yathu yomweyi. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula ndithu, nisanduka chuma cha dziko chongodikira wochisamala.

Mu 1999 kampani ya Raiply inapatsidwa mahekitala 20,000 kuti iziyang'anira. Mbali yotsalayo, yomwe inali m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nkhalango, ndiyo inadyedwa ngati phwando la maliro a munthu wopanda abale. M'zaka zochepa chabe mitengo imene inatenga zaka zoposa 25 kuti ikhwime inachekedwa, matabwa nakwera malole kupita ku Tanzania, Kenya ndi kutali kwina. Kubzala kunatsalira m'mbuyo kwambiri, ndipo moto wa chaka ndi chaka unamaliza zotsala.

Tiyambe ndi kukana bodza limene latizolowera, loti katangale amabadwa ndi umphawi. Mayi wa kufupi ndi Luwawa amene amasenza mtolo wa nkhuni kapena kuzula bowa nthawi ya dzinja sangathe mahekitala zikwi makumi atatu. Alibe macheka a injini, alibe lole, alibe chiphaso chotulutsira katundu kunja kwa dziko. Lole yodzaza matabwa siibisika m'thumba. Imayenda masana, imaima pa zipata za apolisi, imafika pa chipata cha m'malire, ndipo paliponse imaonetsa mapepala. Ndiye kuti nkhalangoyi inatha ndi cholembera ndi chidindo. Nkhwangwa inangomaliza zimene anagwirizana kale anthu ovala mataye. Komatu tikamva kuti boma lakwiya, amene timamuona atamangidwa ndi mnyamata wa thumba limodzi la makala pa njinga.

Bodza lachiwiri ndi loti Amalawi tinabadwa choncho, mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mwambi umenewu tauvundula mpaka wasanduka chikhululukiro cha mbava. Tikuiwala kuti mbuzi ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ndiye amasankha poimangirira ndi kutalika kwa chingwe. Womangirira mbuzi m'munda wa chimanga ndi chingwe cha mikono makumi awiri, iye nkupita kukagona, asadzatiuze kuti vuto ndi mtima wa mbuzi.

Chimene chinachitika ku Viphya n'chosavuta kuchimvetsa, ndipo chifukwa chake tikuchitenga ngati chitsanzo. Kwa zaka zambiri boma linkagulitsa mitengo yosadula pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene matabwa ankagulidwira pa msika. Tiyerekeze kuti chinthu chogulitsidwa K100 pa msika, ofesi ina ikuchipereka pa K10. Aliyense adzachifuna, koma sichingakwanire onse. Tsono wina ayenera kusankha wolandira. K90 yotsalayo siisowa: imagawidwa pakati pa wolandira chiphaso, wosaina chiphaso, ndi wamkulu amene anaimba foni kuti chiphasocho chisainidwe. Wolandirayo safunikanso kukhala ndi macheka, amangogulitsa malo akewo kwa wina amene ali nawo. Nyuzipepala za m'dziko muno zakhala zikulemba kwa zaka zambiri za andale ndi anzawo amene anapatsidwa malo odula mitengo, komanso za ngongole za mitengo zimene boma silinatolere. Ndipo popeza amene wapeza malo mwa njira yotere sadziwa ngati mnzake wa ku ofesi adzakhalapobe chaka chamawa, amadula msangamsanga, osabzala kanthu. Angabzalirenji mtengo wodzakolola wina patapita zaka 25?

Apa ndiye pali muzu. Paliponse pamene katundu wa anthu onse agawidwa ndi munthu mmodzi, m'chipinda chotseka, pa mtengo umene msika sukuudziwa, ziphuphu zimamera zokha ngati bowa pa chulu. Malipiro ochepa a mlonda wa nkhalango amangothirira chomera kale. Inde, mlonda amene mwezi watha osalandira kanthu sangalimbe pamaso pa envelopu, ndipo tiyenera kumulipira bwino ndi pa nthawi yake. Koma a Cashgate sanali anjala. Kuomberedwa kwa mkulu woona za bajeti Paul Mphwiyo mu 2013 kutavundukula nkhaniyi, akatswiri ofufuza mabuku a Baker Tilly anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ina kupita ku makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Njira yake inali yomweyo ya ku Viphya: anthu ochepa okhala ndi makiyi, ndi khomo lopanda woyang'anira.

Wina wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota anganene kuti za ku Mzimba n'za eni ake. Ayi ndithu. Mitsinje ya Luweya ndi Dwambazi imachokera ku mapiri a Viphya nkudzathira m'nyanja imene timaponyamo makoka. Phiri likavulidwa, dothi lake limatsika ndi madzi kudzakwirira malo oswanirana nsomba. Thabwa la paini limene timakhomera denga la nyumba, la madrasa ndi la sukulu lakwera mtengo chifukwa nkhokwe yake inaphwasulidwa. Ndipo ndalama za mitengo ija zikanalowa m'thumba la boma, zina zikanagula mankhwala a chipatala chimene timagonekako ana athu akadwala malungo.

Malamulo tili nawo, ochuluka kuposa mitengo yotsala. Lamulo lothana ndi ziphuphu ndi la 1995, ndipo ndilo linabala bungwe la ACB. La nkhalango ndi la 1997, ndipo zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020. Lokakamiza akuluakulu a boma kuulula chuma chawo ndi la 2013. Lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Chosowa n'chakuti wakuba wamkulu aziopa. Mu December 2022 dziko lonse linaona Martha Chizuma, mkulu wa ACB pa nthawiyo, akutengedwa ndi apolisi m'bandakucha. Mlandu wake unathetsedwa pambuyo pake, koma wofufuza aliyense wachinyamata anali ataphunzira kale chimene chimagwera munthu wolondola mapazi a njovu.

Pa nkhalango, chofunika choyamba n'chotsika mtengo moti manyazi amatigwira pochitchula. Gawo lililonse lodulidwa ligulitsidwe poyera, mopikisana, kwa wopereka ndalama zambiri, kuti K90 ija ilowe ku boma. Dzina la wogula, kukula kwa malo, ndalama zimene walipira ndi zimene sanalipire zikhomedwe pa bolodi ku ofesi ya nkhalango ku Luwawa ndi kwa bwanamkubwa ku Mzimba, ndipo ziwerengedwe pa wailesi m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Wodula asungitse ndalama za chikole zimene adzabwezeredwe pokhapokha mbande zake zitagwira. Midzi yozungulira ilandire gawo lodziwika la phindu, pakuti munthu sathamangira kukazimitsa moto pa munda umene amangouonera kunja kwa mpanda. Zimenezi sizifuna thandizo lochokera kunja. Zimangolanda anthu ena mphamvu yogawa mwamseri, ndipo n'chifukwa chake zimachedwa.

Kuulula chuma nako kusakhale kodzaza fomu nkuitsekera m'kabati. Mbiri yathu imatiuza kuti Khalifa Umar ibn al-Khattab (RA) ankalembetsa chuma cha nduna zake pozituma ku zigawo, ndipo pobwerako ankayerekeza, chopitirira muyeso nkuchibweza ku thumba la anthu onse. Nzeru yake inali pa kuyerekezako. Ofesi yathu yolandira mafomu ipatsidwe anthu ndi ndalama zokayendera nyumba, minda ndi magalimoto, kuti mkulu wa malipiro odziwika afotokoze kumene anapeza nyumba zisanu zogonamo alendo m'mphepete mwa nyanja.

Tisanamizidwe kuti sizingatheke kuno. Oweruza asanu amene anamva mlandu wa chisankho cha 2019 anayesedwa ndi ndalama, anakana, nakanena. Chigamulo chawo cha pa 3 February 2020 chinafafaniza chisankhocho, ndipo woyesa kuwagulayo anaweruzidwa kuti ndi wolakwa mu 2021. Anali Amalawi, oleredwa ndi nsima yomweyi.

Tsono mbali yowawa ndi yathu. Wakuba chuma cha boma sabisala kunkhalango. Amabwera kumudzi ndi galimoto yatsopano, ife nkumuyalira mkeka wapatsogolo. Akapereka malata a mzikiti kapena matumba a mpunga m'mwezi wa Ramadhan timamutamanda pa chimkuzamawu, osafunsa kuti malipiro ake a pamwezi angagule malata angati. Pa chisankho timalandira nsalu ndi K2,000, kenaka nkumadabwa kuti phungu akufuna malo odula mitengo kuti abweze zimene anatigawira. Makomiti athu a mizikiti ndi a m'madoko a asodzi, amene amasunga zopereka za anthu, angayambe okha kuwerenga poyera ndalama zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi. Komiti yochita zimenezi idzakhala ndi nkhope yolembera kalata ku nthambi ya za nkhalango, pansi pa lamulo lija loyamba kugwira ntchito mu 2020, kupempha mndandanda wa onse amene anapatsidwa malo ku Luwawa, ndalama zimene aliyense analipira, ndi mahekitala amene anabzalanso.