Chikopa Sichilankhula Chokha

Mu Novembala 1833, usiku wina thambo la ku North America linadzaza ndi nyenyezi zothothoka, zochuluka moti anthu ena anaganiza kuti dziko latha. Alakota, eni nthaka amene lero ambiri amakhala ku South Dakota ndi North Dakota m'dziko la United States, anajambula chozizwitsacho pa zikopa za njati. Kwa iwo chimenecho ndicho chaka chimene nyenyezi zinagwa.

Umu ndi mmene mtunduwu unkasungira mbiri yake. Chaka chinkayamba chipale chofewa chikagwa koyamba, n'kutha chikagwanso m'nyengo yozizira yotsatira. Akuluakulu ankakhala upo n'kusankha chochitika chimodzi chokha choti chakacho chizidziwika nacho: mliri wa nthomba, imfa ya mtsogoleri, nkhondo, ngakhale kubedwa kwa akavalo. Munthu wosankhidwa ankachijambula, ndipo kaundulayo ankatchedwa waniyetu wowapi. Chifukwa chakuti nyenyezi za 1833 zimapezeka m'makaundula ambiri, akatswiri a mbiri akhala akuwerengera kuchokera pamenepo kuti apeze zaka za zithunzi zinazo.

Koma chithunzicho chinali chikumbutso chabe. Nkhani yeniyeni inali m'kamwa mwa wosunga chikopa, amene ankaloza chithunzi chilichonse n'kufotokoza zonse za chakacho, achinyamata ali tcheru. Iye akamwalira asanaphunzitse wina, chikopa chinkasanduka bubu.

Apa m'pamene boma la America linamenya. Mu 1879 Richard Henry Pratt anatsegula sukulu yogonera ya Carlisle ku Pennsylvania, ndipo ana oyamba anawatenga ku Rosebud ndi Pine Ridge, m'madera a Alakota. Anawameta tsitsi, kuwapatsa mayina achingerezi ndi kuwaletsa chilankhulo chawo. Mwana wobwerera kwawo patapita zaka sankathanso kumva agogo ake. Makaundula ambiri anakathera m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga za Smithsonian ku Washington.

N'zochititsa chidwi kuti sukulu, imene inali chida chophera chilankhulochi, ndiyo ikuyembekezeka kuchidzutsa. Oglala Lakota College ndi Sinte Gleska University, zimene Alakota eni ake anakhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, zimaphunzitsa chilankhulo ndi mbiri ya mtunduwu. M'makalasi ambiri a pulayimale ana amauzidwa kujambula kaundula wa moyo wawo, chaka chilichonse chithunzi chimodzi. Ntchitoyi njabwino, koma mwana akangojambula osaimirira kuti afotokoze, ndiponso popanda wamkulu wom'wongolera, waphunzira zojambula basi. Ndipo odziwa bwino Chilakota atsala ochepa, ambiri mwa iwo ndi okalamba.

Kujambula mawu awo pa makina kwabweretsa mlandu wina. Bungwe la Lakota Language Consortium, limene linatulutsa dikishonale yaikulu ya Chilakota mu 2008, linasonkhanitsa mawu a okalamba kwa zaka zambiri. Ena mwa adzukulu a okalambawo anadandaula kuti nkhani za makolo awo zasanduka katundu wa bungwe, ndipo mabuku otuluka m'nkhanizo akugulitsidwa kwa eni ake omwe. Mu 2022 khonsolo ya mtunduwu ku Standing Rock inagamula kuti bungwelo ndi atsogoleri ake asapondenso m'dera lake.