Funso la crossword likatalika, tiyambe taona ntchito ya mawu ake

Pakati pa okonda crossword ku Britain ndi ku America pamamveka dandaulo lakuti mafunso akutalika mopitirira. Crossword ndi masewera aja a m'nyuzipepala omwe munthu amadzaza zilembo m'timabokosi, mawu ena kupingasa, ena kutsika, ndipo liwu lililonse lili ndi funso lake lolozera ku yankho. Kale funso linkakhala la mawu awiri kapena atatu. Masiku ano, makamaka mu crossword zosewerera pa foni, munthu amakumana ndi chiganizo chathunthu cha mizere itatu pomwe yankho lake ndi la zilembo zinayi zokha. Odandaula amati uku ndi kufooka kwa luso, ndipo wolemba wodziwa ntchito sachulutsa gaga m'diwa. Ine ndikuona kuti akuyeza chinthu cholakwika. Funso liyenera kuweruzidwa poona ngati likuchitira chilungamo munthu woyankha, ndipo nthawi zambiri chilungamocho chimafuna mawu ochulukirapo.

Tikumbuke kumene kufupika kwa mafunso kunachokera. Crossword yoyamba yodziwika inatuluka pa 21 Disembala 1913 mu nyuzipepala ya New York World, ndipo anaipanga ndi Arthur Wynne, mtolankhani wobadwira ku Liverpool. The Times ya ku London inayamba kusindikiza yake mu 1930, pomwe The New York Times inadikira mpaka mu 1942, mkonzi wake woyamba kukhala Margaret Farrar. Crossword ya pakati pa sabata ya The New York Times ili ndi mabokosi 15 kupingasa ndi 15 kutsika, ndipo kawirikawiri imanyamula mawu pafupifupi 70 kapena kuposerapo pang'ono. Mafunso onsewo ankayenera kukwana pa kachigawo ka tsamba, pambali pa nkhani ndi malonda. Mkonzi ankadula mawu chifukwa pepala ndi ndalama. Patapita zaka makumimakumi, chizolowezi chobadwa ndi kuchepa kwa malo chinayamba kuoneka ngati lamulo la luso. Pa foni funso limaoneka limodzilimodzi, ndipo vuto la malo latha ndithu. Chatsala n'kufunsa ngati kufupika pakokha kuli ndi ubwino woposa zimene kumatitayitsa.

Chimene kumatitayitsa ndi anthu. Funso lalifupi limadalira kuti wolemba ndi woyankha anakulira m'bwalo limodzi, anawerenga mabuku amodzi, akudziwa matauni amodzi. Mu 2008 crossword ina ya The New York Times inapingasitsa dzina la tauni ya Natick, ya m'chigawo cha Massachusetts, ndi dzina la katswiri wojambula N. C. Wyeth, ndipo mayina awiriwo anakumana pa chilembo choyamba. Amene sankadziwa mayina onse awiri analibe njira yopezera chilembocho kupatula kungolota. Michael Sharp, yemwe amathirira ndemanga pa crossword pogwiritsa ntchito dzina lakuti Rex Parker, anadzudzula zimenezi, ndipo kuyambira pamenepo liwu lakuti Natick limatanthauza malo amene mayina awiri osadziwika akumana n'kumusiya woyankha manja ali m'khosi. Ngati Aamerika eni ake anakakamira pa tauni ya kwawo, nanga bwanji munthu wa ku Zomba kapena ku Chipata amene watsegula crossword yomweyo pa foni yake? Funso lotalikirapo silingachititse munthu kudziwa dzina limene sanalimvepo, koma likhoza kumupatsa pogwira pachiwiri, monga tanthauzo la dzinalo, chilankhulo chimene linachokera, kapena liwu lina lomveka mofanana nalo. Mawu owonjezerawo ndiwo amalowetsa mlendo m'masewera.

M'Chichewa nkhaniyi ndi yaikulu kuposa m'Chingerezi, ndipo aliyense woganiza zopanga crossword m'chilankhulo chathu akumana nayo tsiku loyamba. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo a liwu tili nawo asanu okha, choncho kupeza chilembo chomaliza sikuthandiza kwenikweni. Mayina ambirimbiri amayamba ndi chi, ma kapena m. Zilembo zopingasana, zomwe m'Chingerezi zimamupulumutsa woyankha, kwa ife zimanena zochepa. Tiyerekeze funso lakuti "Nsomba", yankho la zilembo 6. Chambo chikukwana, mlamba ukukwana, mcheni ukukwana. Woyankha avutike mpaka apeze chilembo chachitatu, chachinayi ndi chachisanu, apeza a, m ndi b, koma adakali pamphambano, pakuti chambo ndi mlamba onse ali ndi zilembo zimenezo pamalo omwewo. Wolemba akati "Nsomba yandevu, yopanda mamba, imene imapirira m'matope madzi akaphwera", watalikitsa funso kasanu ndi kanayi, koma wapereka yankho limodzi lokha, ndipo woyankha ayenerabe kuganiza. Tiwonjezerepo kuti Chinyanja cha ku Lusaka, cha ku Tete ndi cha ku Lilongwe sichitchula zinthu zonse mofanana. Wolemba wachilungamo nthawi zina ayenera kunena kumene liwulo limagwiritsidwa ntchito, ndipo zimenezo zimadya malo.

Otsutsa ali ndi mfundo yolimba imene sindiipeputsa, yakuti kukoma kwenikweni kwa masewerawa kuli m'funso lalifupi lobisa zambiri. Ku Britain kuli funso lotchuka lomwe ndi zilembo zokhazokha, HIJKLMNO, ndipo yankho lake ndi liwu la Chingerezi lotanthauza madzi. Chinsinsi chake n'chakuti zilembozo zachokera pa H kufika pa O, ndipo ukanena zimenezo m'Chingerezi zimamveka ngati H2O. Palinso crossword ya Jeremiah Farrell imene The New York Times inasindikiza pa 5 Novembala 1996, tsiku la chisankho cha pulezidenti. Yankho lina lopingasa likanatha kukhala CLINTON kapena BOB DOLE, onse zilembo 7, chifukwa mafunso asanu ndi awiri otsika anali ndi mayankho awiriawiri olondola. Ngakhale ife timadziwa kukoma kumeneku. Wina akati "Ndagi!" ena n'kuyankha "Gize!", chotsatira chimakhala mawu ochepa, monga nyumba yopanda khomo, ndipo wotalikitsa ndagi waiwononga. Zonsezi n'zoona. Koma tione chimene chikuchitika m'zitsanzozi. Mafunso a Farrell anali ndi mayankho awiri mwadala, ndipo woyankha ankapambana kaya wasankha mbali iti. Izi n'zosiyana ndi funso lakuti "Nsomba", lomwe lili ndi mayankho atatu chifukwa chakuti wolemba sanamalize ntchito yake. HIJKLMNO ndi lalifupi chifukwa nzeru yake inathera pomwepo, ndipo nzeru zotere zimabwera kamodzikamodzi. Palibe wolemba amene angapeze 70 zoterezi tsiku ndi tsiku. Ndagi nayo imaponyedwa pabwalo pamene woponya ali pomwepo, akuona nkhope za anzake, ndipo zikavuta amamasulira yekha. Wolemba crossword sakhalapo, ndipo thandizo lonse limene akanapereka pakamwa liyenera kukhala m'funsomo.

Ngakhale okhwimitsa malamulo a crossword za ku Britain sanaike malire a kuchuluka kwa mawu. Derrick Macnutt, yemwe ankalemba mu The Observer kuyambira 1939 mpaka 1971 pogwiritsa ntchito dzina lakuti Ximenes, anatulutsa buku la malamulo a lusoli mu 1966. Chiphunzitso chake, chimene womulowa m'malo Jonathan Crowther anapitiriza, n'chakuti funso likhale ndi tanthauzo lolondola la yankho, likhale ndi njira yachiwiri yachilungamo yopezera yankholo poseweretsa zilembo, ndipo pasakhale liwu longokhala. Choletsedwa pamenepa ndi mawu aulesi. Funso la mawu 20 limene liwu lililonse likugwira ntchito likutsata lamuloli, pomwe la mawu anayi lokhala ndi liwu limodzi lokongoletsa chabe laliphwanya. Wansembe John Graham, amene owerenga The Guardian ankamudziwa kuti Araucaria kuyambira pomwe mayina a olemba anayamba kusindikizidwa, ankalemekezedwa chifukwa cha mafunso aatali osanduliza zilembo. Lotchuka kwambiri linali ndi yankho la zilembo 26, The Old Vicarage, Grantchester, lomwe ndi mutu wa ndakatulo ya Rupert Brooke komanso nyumba ya wandale Jeffrey Archer, ndipo zilembo zosandulizazo zinali ndi dzina la Archer yemweyo. Mu Januwale 2013 Graham anagwiritsa ntchito malangizo a pamwamba pa crossword yake kuuza owerenga kuti ali ndi khansa ya kum'mero, koma mawu a matendawo anali mayankho oti owerengawo awapeze okha. Anamwalira mu Novembala chaka chomwecho ali ndi zaka 92. Munthu wowerengera mawu akanati malangizowo achuluka, chonsecho anthu ambiri amaikumbukira crossword imeneyo chifukwa cha iwo.

Ena amati funso lalitali limafewetsa masewera mpaka kukhala ngati kumutafunira munthu. Apa akusokoneza zinthu ziwiri. Crossword ya The New York Times imakhala yosavuta Lolemba ndipo imanka ikulimba mpaka Loweruka, koma chimene chimalimbitsa ya Loweruka ndi kusocheretsa kwa mawu, liwu looneka ngati dzina pomwe ndi mneni, kapena tanthauzo lachiwiri limene munthu saliganizira msanga. Chiganizo chachitali chili ndi malo ambiri obisamo misampha yotere. Kuvuta kumene funso lalifupi limabweretsa nthawi zambiri ndi kwa mtundu wina, kongoti ukudziwa kapena sukudziwa, ndipo kumeneko kumayesa kukumbukira zinthu zoloweza basi.

Dandaulo limene ndikugwirizana nalo kwambiri ndi lakuti olemba ena amatalikitsa funso pofuna kudzionetsa. Yankho ndi dzina la woimba, koma funso likufotokoza mphoto zake zonse, chaka chimene anabadwa ndi maganizo a wolemba pa nyimbo zake. Ena amasandutsa funso kukhala ulaliki wa ndale kapena nthabwala yomveka kwa anzawo okha. Zimenezi zimatopetsa, ndipo zimapereka mbiri yoipa kwa mafunso onse aatali. Komabe mankhwala ake alipo, ndipo mkonzi aliyense angathe kuwagwiritsa ntchito. Achotse liwu limodzi m'funso n'kuona chimene chatayika. Ngati woyankha wataya pogwira, kapena pabuka yankho lachiwiri, kapena msampha wabwino wafa, liwulo libwerere. Ngati palibe chasintha, lichoke. M'funso la mlamba lija, tikachotsa za matope kampango sangatisokoneze chifukwa ali ndi zilembo 8, choncho mkonzi wouma mtima akhoza kudula mbali imeneyo n'kusiya ndevu ndi mamba. Koma akachotsa ndevu ndi mamba zonse pamodzi ndi matope, chambo chabwereranso. Kuyeza kotereku kumadya nthawi kuposa kungolamula kuti funso lisapitirire mawu asanu, ndipo n'chifukwa chake lamulo lowerengera mawu limakopa akonzi otanganidwa.

Nyuzipepala yosindikiza papepala idakali ndi vuto la malo, ndipo ya Chichewa ingalimve kwambiri popeza mawu athu ndi aatali kale. Mkonzi wofuna kuika crossword ya Chichewa pa tsamba lake angachite bwino kuchepetsa mabokosi, mwina 9 kupingasa ndi 9 kutsika, mafunso akhale pafupifupi 20, n'kusiya malo otsalawo kuti funso lililonse linene zokwanira. Mwana wa sekondale ku Mchinji akalephera bokosi, alephere chifukwa sanaganize mokwanira, ndipo mawa akaona yankho athe kubwerera ku funso n'kuloza mawu amene ankamuuza kuti ndi mlamba.