Mlandu wa Galimoto Yokana Kukhota

M'nyumba zambiri momwe muli ana ndi makina a masewero olumikiza ku wailesi yakanema mumamveka mfuu imodzimodzi dzuwa likapendeka. Mwana amene wakhala chete kwa ola lathunthu, maso ali dwii pa kanema, amadzambatuka n'kukuwa kuti masewerowo amubera, galimoto yake yakana kukhota. Kachipangizo ka mabatani kamene kanali m'manja mwake kamaponyedwa pampando. Agogo amene ali pakhonde amangopukusa mutu poyesa kuti n'zachibwana. Komatu mlandu umenewu ngwoyenera kuuzenga bwino, pakuti mkwiyo wa mwanayo ngweniweni ndipo funso lake lili ndi mutu. Kodi wolakwa ndani, dzanja la woyendetsa kapena amisiri amene adapanga galimotoyo? Pabwalo la milandu mfumu siigamula isanamve mbali zonse ziwiri.

Mboni yoyamba ndi masewero otchedwa Gran Turismo, amene adatuluka ku Japan pa 23 Disembala 1997 pa makina a PlayStation, n'kufika ku Ulaya ndi ku America mu 1998. Mmisiri wamkulu wa ntchitoyi, Kazunori Yamauchi, adatha zaka zisanu akuikonza pamodzi ndi anzake, ndipo makope ake adagulitsidwa oposa 10 miliyoni. Masewero ambiri a mpikisano wa galimoto a nthawi imeneyo ankalola munthu kuponda mafuta kuyambira poyambira mpaka pothera, kukhuza khoma, n'kupambanabe. Yamauchi adafuna kuti galimoto ya pa kanema ilemere, iterereke ndi kukana monga ichitira galimoto yeniyeni. Adaikanso chinthu chimene chidakwiyitsa ana a m'mayiko ambiri: wofuna kulowa m'mipikisano ikuluikulu ankayenera kuyamba walandira laisensi. Malaisensi adali atatu, B, A ndi International A, ndipo iliyonse idali ndi mayeso 8. Wokhoza movutikira ankalandira mphoto ya mkuwa, woposerapo ya siliva, katswiri ya golide.

Mayeso oyamba enieni ngoseketsa powamva. Wosewera amapatsidwa Mazda Demio, kagalimoto komwe kaja kadadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo amauzidwa kuti ayende mamita 1,000 pamsewu wowongoka n'kuima m'kati mwa malo olembedwa, nthawi isanathe. Palibe pokhota, palibe wopikisana naye. Koma akaponda mabuleki msanga, nthawi imamuthera. Akachedwa pang'ono pokha, galimoto imapitirira malire ndipo walephera. Mwana amene adagula masewerowa polota liwiro amapezeka kuti phunziro lake loyamba ndi la kaimidwe. Akuluakulu akale adati kuthamanga sikufika, ndipo ngakhale Yamauchi sadaumvepo mwambiwu, mayeso akewo akunena zomwezo.

Tsono n'chifukwa chiyani galimoto imakana kukhota? Apa mpofunika kudekha, chifukwa mlandu wonse wagona pa tayala. Galimoto, kaya ikule bwanji, imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo malo alionse ngaakulu ngati chikhatho cha munthu. Mphamvu imene tayala limagwirira msewu ili ndi malire, monga ufa wa m'lichero. Ufa womwewo ndi umene uyenera kukwanira ntchito zitatu: kuimitsa galimoto, kuikhotetsa, ndi kuikankhira kutsogolo. Woyendetsa akafika pokhota ali paliwiro n'kuponda mabuleki mwamphamvu uku akupotoza chiwongolero, wauthera ufa wonse pa mabuleki ndipo wokhotera watsala wochepa. Galimoto imangopita molunjika, matayala akulira, mpaka kukagunda mpanda. Mwanayo amati galimoto yakana, pamene iye ndiye wapempha tayala nsima ziwiri kuchokera pa ufa wa nsima imodzi. Palinso lamulo lina limene maso sakhulupirira msanga: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti galimoto iime umawirikiza kanayi.

Mayi wosenza ndowa yodzaza madzi pamutu amadziwa zonsezi popanda buku. Akafika pamene njira yapinda, amachepetsa mayendedwe asanafike popindapo, amatembenuka mofatsa, kenaka amayambanso kufulumira njira ikawongoka. Akaima mwadzidzidzi madzi amakhavukira kutsogolo, akatembenuka mwaphuma amatayikira kumbali. Kulemera kwa galimoto kumasuntha chimodzimodzi. Mabuleki amakukankhira ku matayala akutsogolo ndipo akumbuyo amapepuka. Mafuta amakubwezera kumbuyo. Ndiye chifukwa chake aphunzitsi a mpikisano amalangiza kuti mabuleki apondedwe galimoto ikadali yowongoka, pokhota palowedwe modekha, ndipo mafuta awonjezeredwe pang'onopang'ono potuluka. Wolowa mwaliwiro amatuluka mochedwa, ngati watuluka n'komwe. Fulumira adadya gaga.

Galimoto nazo zili ndi makhalidwe monga anthu. Zimene zimakokedwa ndi matayala akutsogolo, monga Demio kapena Honda Civic, zikapanikizidwa zimakakamira kupita molunjika. N'zouma mutu koma zokhululuka, chifukwa munthu akangochotsa phazi pa mafuta zimabwerera m'njira. Zokankhidwa ndi matayala akumbuyo, monga Dodge Viper, n'zaukali. Woponda mafuta mopupuluma ali pakati pokhota amaona matako a galimoto akuthamangira kutsogolo, ndipo posakhalitsa wayang'ana kumene wachokera. Mwana amene wasonkhanitsa ndalama za m'masewero kwa masiku ambiri kuti agule galimoto yamphamvu kuposa zonse amadabwa kuona kuti akulephera mpikisano umene adapambana ndi kagalimoto kotsika mtengo. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, amati msemere imufotere m'manja.

Chilungamo chifuna kuti kunenedwenso kuti ana a zaka zimenezo adali ndi chowiringula chomveka. Kachipangizo koyamba ka PlayStation kadali ka mabatani okhaokha, ndipo batani limadziwa mawu awiri basi, inde ndi ayi. Chiwongolero chenicheni chimapotozedwa pang'ono kapena kwambiri, koma wa mabatani ankayenera kugogoda mobwerezabwereza ndi chala kuti akhote mofatsa. DualShock, yokhala ndi timitengo tiwiri topendeka, idatuluka ku Japan kumapeto kwa 1997, koma si nyumba iliyonse idaigula msanga. Ndiponso woyendetsa galimoto yeniyeni amamva ndi thupi lake matayala akayamba kutsetsereka, pamene wokhala pamkeka amadalira maso ndi makutu okha.

Ngakhale zili choncho, pa mbali iyi mlandu ukugwera dzanja. Mayeso a Gran Turismo ngovuta koma ngachilungamo, ndipo chilungamo chake chili pa zinthu ziwiri. Mayeso alionse amaphunzitsa chinthu chimodzi, ndipo mawu ofotokoza amayamba aonekera munthu asananyamuke. Chachiwiri, galimoto imamvera malamulo omwewo nthawi zonse. Woponda mabuleki pamalo omwewo amaima pamalo omwewo, kaya ayese kakhumi kaya kazana. Wolephera angathe kufufuza chimene walakwitsa n'kuchikonza. Mphunzitsi wolimba mtima amene amayesa zokhazo zimene waphunzitsa amadedwa pa teremu, koma ophunzira ake amamutchula mwaulemu akakula.

Mboni yachiwiri ikuimira mbali ya mwana. Mu 1999 kampani ya Reflections Interactive ya ku Newcastle, ku England, idatulutsa masewero otchedwa Driver, onena za wapolisi wodzibisa, Tanner, amene amadziyesa woyendetsa galimoto ya zigawenga m'mizinda ya Miami, San Francisco, Los Angeles ndi New York. Wosewera asanalowe m'nkhaniyo ankatsekeredwa m'malo oimikamo galimoto, odzaza ndi zipilala ndi galimoto zina, n'kupatsidwa masekondi 60 kuti achite zinthu 9 zolembedwa pa kapepala. Ganizoli lidachokera mu filimu ya mu 1978 yotchedwa The Driver. Pa kapepalapo padali mawu monga slalom, amene atanthauza kuyenda mokhotakhota pakati pa zipilala, koma kapepalako sikadafotokoze. Ana ochuluka, ngakhale a ku England komweko, sadalidziwe liwulo, ndipo lero lino akuluakulu ambiri amasimba kuti sadatulukemo m'galajamo. Uku ndiko kuika mayeso a Sitandade 8 pakhomo la Sitandade 1. N'zoona kuti safunsa adadya phula, koma mwana angafunse bwanji chinthu chimene sadziwa n'komwe kuti nchofunsa? Amene amakwiyira khomo lotere sakulakwa.

Palinso kuvuta kwina kumene kuli koipa kuposa apa, chifukwa n'kwachinyengo. M'masewero ena, monga Need for Speed: Underground ya mu 2003, galimoto zoyendetsedwa ndi kompyuta zimakhala ngati zamangiriridwa kwa wosewera ndi mphira. Iye akatsogola patali, izo zimapeza liwiro lodabwitsa n'kumupeza. Munthu angathe kuyendetsa mosalakwitsa mpikisano wonse, n'kuphonya kamodzi kokha pafupi ndi pothera, ndipo onse amudutsa. Amisiri amachita zimenezi kuti mpikisano usazizire. Mario Kart nayo imathandiza otsalira, mpaka kuwapatsa chigoba chimene chimakakantha wotsogola, koma iyo siibisa, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi masewero a nthabwala. Chokhumudwitsa ndi masewero ovala nkhope ya mpikisano weniweni pamene pansi pake pali mphira. Luso limene mwana walivutikira limasanduka lopanda phindu, ndipo mawu ake aja akuti amubera amakhala oona ndithu.

Pofuna kuziziritsa mitima, amisiri ena adabweretsa njira yobweza nthawi m'mbuyo. Race Driver: Grid ya mu 2008 ndi Forza Motorsport 3 ya mu 2009 zidalola wochita ngozi kubwerera masekondi angapo n'kuyesanso pokhota pomwepo. Kwa wophunzira n'chinthu chothandiza, pakuti palibe nzeru yobwereza mpikisano wonse chifukwa cha khona imodzi. Koma wochizolowera amasiya kuopa khoma, ndipo mantha amenewo ndiwo amaphunzitsa phazi kufuna mabuleki nthawi yabwino. Gran Turismo sidatengere njira imeneyi, ndipo pamenepa idachita bwino.

Asaganize wina kuti Yamauchi ndi anzake a ku Polyphony Digital salakwa. Gran Turismo 7 itatuluka mu Malichi 2022, osewera ambiri, kuphatikizapo akatswiri, adadandaula kuti galimoto zokankhidwa ndi matayala akumbuyo zinkazungulira mwadzidzidzi mopitirira muyeso. Ena adawaseka kuti sadziwa kuyendetsa. Koma mu Epulo chaka chomwecho kampaniyo idasintha kawerengedwe ka kayendedwe ka galimotozo kuti zizigwira msewu bwino, kusonyeza kuti odandaulawo adali ndi mfundo. Mu Julayi 2024 kusintha kwina kudabweretsa chodabwitsa: galimoto zina, zikakonzedwa mwa njira inayake, zinkadumphadumpha ngati ziwala mpaka kuuluka m'mwamba, ndipo amisiri adayenera kukonzanso. Choncho mkulu amene amangoti mwana ngosapirira, osayamba waona chimene chachitika pa kanema, angathe kugamula mlandu molakwika.

Kuti luso la m'masewerowa ndi lenileni zidaoneka poyera. Mu 2008 makampani a Sony ndi Nissan adayambitsa mpikisano wa GT Academy, wosankha osewera aluso kuti akaphunzire kuyendetsa galimoto zenizeni za mpikisano. Lucas Ordóñez wa ku Spain, mmodzi wa opambana oyamba, adafika pa nambala yachiwiri m'gulu lake pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France mu 2011. Jann Mardenborough, amene adakulira ku Cardiff, adapambana GT Academy mu 2011, ndipo mu 2013 adakhala wachitatu m'gulu lake ku Le Mans komweko. Mbiri yake idasanduka filimu mu 2023. Ameneŵa ngowerengeka pakati pa miyandamiyanda, ndipo mdzukulu asasiye sukulu poyembekezera mwayi wotere, makamaka poti GT Academy idatha mu 2016. Koma dzanja lophunzitsidwa ndi galimoto yabodza silikadatha kugwira chiwongolero ku Le Mans usiku wonse.

Malaisensi aja akadalipo mu Gran Turismo 7, ndipo akadakwiyitsabe anthu. Mayeso otsiriza a laisensi ya Super amapereka Porsche 917K, mtundu wa galimoto umene udapambana ku Le Mans mu 1970 ndi 1971, pa msewu wa Spa-Francorchamps ku Belgium, wotalika pafupifupi makilomita 7, mvula itangogwa kumene. Pakati pa msewu pali kanjira kouma pang'ono, kopapatiza, ndipo kumbali kwake madzi ali thapsa. Tayala limodzi likangoponda ponyowa galimoto ili paliwiro, imazungulira, ndipo wosewera amabwerera poyambira ngakhale atatsala ndi khona imodzi yokha. Tsopano masewerowa amaonetsa chitsanzo cha katswiri, amene munthu angathe kumuyang'anitsitsa kuti aone pamene akuponda mabuleki ndi pamene akubwezera phazi pa mafuta. Ana ambiri amadumpha chitsanzocho chifukwa chofulumira kugwira chiwongolero, ndipo amachitsekula pokhapokha atagunda mpanda kakhumi.