KALULU WA PA NSARU YA BAISIKOPO

Abale athu a ku Aerodrome, ndi inu nonse a m'migodi ya ku Bindura ndi m'mapurazi a ku Mazowe, tifuna kukamba nanu za zithunzithunzi zakale zojambula pamanja, zija za nyama zolankhula. Ambiri aziyesa zoseketsa ana cabe. Ife titi iai. Nthano ikalowa m'manja mwa olamulira isanduka cida.

Taonani za pa nkhondo ya Hitler. M'caka ca 1942 a ku America anaturutsa Blitz Wolf, nthano ya tiana ta nkhumba titatu. Koma mmbulu wofuna kutidya anaubveka nkhope ya Hitler. M'caka ca 1943 ankhondo a pamadzi a ku Japan anaonetsa Momotaro, mnyamata wa m'nthano zao wobadwa m'cipatso, amene anagonjetsa cisumbu ca ziwanda pamodzi ndi garu, pusi ndi mbalame. Pa nsarupo cisumbuco cinali Pearl Harbor, ndi ziwandazo Aamerika. Cotero ana anaphunzira kuda asanaphunzire kufunsa.

Kuno ku Africa nzeruyo inafikanso. M'zaka za m'ma 1950 wansembe wa ku Congo, Alexandre Van den Heuvel, anapanga zithunzi za Mboloko, kagwape kocenjera konga Kalulu wathu, zolangiza anthu akuda. Nayo Central African Film Unit, imene inayamba mu 1948 ku Salisbury, ngakhale inajambula anthu eni eni, inakonda nthano ya wanzeru ndi wopusa. Ndipo wanzeruyo ndiye womvera Boma.

Koma mpeni susankha mwini. Mu 1966 Moustapha Alassane wa ku Niger anajambula Bon Voyage Sim, ulendo wa mtsogoleri wa acule, naseka nao matama a olamulira atsopano.

Kwathu wokamba nthano akati "Padangokhala," tibvomera "Tiri tonse," ndipo akaipotoza agogo amdzudzula pomwepo. Nsaru ya baisikopo siimva, ngakhale lamya ya lero siimva. Cifukwa cace sititi lekani kupenya. Penyani ndithu, sekani, koma pobwerera ku komboni funsanani pamodzi ndi ana anu: anaturutsa ndarama zace ndani? Fisi wa m'menemo amfanizira yani? Tikakhulupirira, apindula ndani? Pakuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.