ZA ULIMI NDI MALONDA: Duwa la Rozi Likadulidwa

Anthu ambili kumidzi akamva kuti dziko la Zambia limagulitsa maluwa ku Ulaya amaseka, namafunsa kuti kodi duwa alidyela nsima. Komatu malonda amenewa si masewela ai. Alimi otumiza mbeu kunja anakhazikitsa bungwe lao la Zambia Export Growers Association m'caka ca 1984, ndipo m'zaka zotsatila mapulazi ozungulila mzinda wa Lusaka anayamba kutumiza maluwa a rozi pa ndeke, makamaka ku msika waukulu wa Aalsmeer m'dziko la Netherlands. Ambili mwa anchito a m'mapulaziwo ndi amai, ana athu ocokela kumidzi. Pamene kampani ya Agriflora inagwa mu 2004, mabanja oculuka anagona ndi njala.

Cimene cipatsa duwa mtengo wabwino ku msika ndico cisamalilo ca maola oyamba likangodulidwa. Duwa lodulidwa likali lamoyo: lipuma, limwa madzi, ndipo lidya cakudya cimene linasunga m'thupi mwace. M'phesi mwace muli timitsempha tating'ono kwambili todzela madzi. Phesi likakhala pa mphepo, mpweya ulowa m'timitsemphato. Likaikidwa m'madzi akuda, tizilombo tosaoneka ndi maso tiswana ndi kutseka njila. Pamenepo khosi la duwa lipindika, mutu nuwelama, ndipo wogula wa ku Ulaya saliyang'ananso kawili.

Ndico cifukwa cace odula amayamba m'mamawa dzuwa lisanatenthe, atanyamula ndowa zotsukidwa bwino. M'madzimo amathilamo mankhwala a klorini akupha tizilombo, ndiponso aluminium sulphate kapena citric acid, amene ndiwo cowawasa ca m'mandimu, pakuti madzi owawasa pang'ono akwela msanga m'phesi. Ena aonjezapo shuga kuti mphukila imasule bwino. Koma shuga wopanda klorini ndi phwando la tizilombo.

Munthu woyenda ku Heavy Industrial Area, kumadzulo kwa njanji mu Lusaka, aona fumbi, malole ndi nyumba zazikulu zosungilamo katundu, osaona dimba la maluwa ngakhale limodzi. Komabe feteleza, mankhwala a ulimi, makatoni ndi amisili okonza makina ozizilitsa apezeka m'dela lotele, ndipo popanda iwo duwa silikafika kutali.

Ife tiona kuti pa zonsezi cacikulu ndi cisanu, kuposa mankhwala. Duwa licoke ku munda ndi kulowa msanga m'cipinda cozizila madigili 2 kufikila 4, kumene lipuma pang'onopang'ono ngati munthu wogona tulo. Kutentha kukakwela ndi madigili 10, kupuma kwace kuwilikiza kawili kapena katatu, ndipo masiku ace acepa. Cisanuco cisaduke: m'cipinda cosankhila, m'lole, ndi m'nyumba yozizila pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda. Lole ikaima pa dzuwa maola owelengeka, palibe mankhwala angabweze cimene catayika. Apa ndipo pagona nkhawa ya alimi, pakuti makina ozizilitsa afuna magetsi usana ndi usiku. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambili pa tsiku, ndipo wofuna cisanu anayenela kugula dizilo wa injini pa mtengo wowawa.

Palinso adani ena awili. Woyamba ndi nkhungu yotuwa yochedwa Botrytis, imene ikonda cinyontho. Tsoka lace ndi lakuti malonda aakulu a pa 14 February, tsiku la Valentine, agwa pakati pa dzinja lathu, mvula ili m'kati. Duwa lolongedwa lonyowa licoka kuno lokongola, nilikafika lili ndi mawanga. Waciwili ndi mpweya wa ethylene, wocokela m'zipatso zakupsa ndi mu utsi wa galimoto, umene ukalambitsa duwa msanga.

Inu amai okongoletsa chalichi kapena nyumba ya ukwati, nzelu yomweyi mungaigwilitse nchito ngakhale mulibe filiji. Dulani maluwa m'mamawa ndi mpeni wakuthwa, cotsani masamba onse amene angamile, ndipo mudulenso phesi pang'ono lili m'madzi. Mu lita imodzi ya madzi oyela sungunulani tisupuni tiwili ta shuga ndi tiwili ta madzi a ndimu, kenaka mudonthezemo madontho owelengeka a Jik. Musasakanize Jik ndi ndimu paokha popanda madzi, pakuti mpweya wotulukamo ndi woipa m'cifuwa. Ikani ndowayo pa mthunzi, pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa pamene pazizila, kutali ndi nthoci ndi matimati akupsa, ndipo musinthe madziwo pakapita masiku awili.