Mankhwala a kusaona kwa kumtundu alipo, koma ndi a ndani?

Mu Disembala 2017, boma la America linavomereza Luxturna, mankhwala othandiza ana osaona chifukwa cha jini yowonongeka yotchedwa RPE65. Madokotala amabaya mkati mwa diso kachirombo kosavulaza konyamula jini yabwino, ndipo maselo amayamba kugwira ntchito. Jean Bennett ndi Albert Maguire a ku University of Pennsylvania anayesa kaye pa agalu akhungu, agaluwo n'kupenya. Kenako ana amene ankapunthwa kukangoda anayamba kuyenda okha madzulo. Chopweteka mtima ndi mtengo: mu 2018 unali madola 850,000 pa maso awiri. Kholo la ku South B ku Nairobi, kapena ku Ndirande, lingazitenge kuti ndalama zotere? Maboma athu ayambe kuyeza majini a ana osaona, kuti mtengo ukadzatsika, ofunika mankhwalawa adzakhale akudziwika kale.